Fungo la m'Nkhokwe ya Zakalia

Mlolo, Chadiza
14 Julaye 1997

Kwa alongo anga a Manesi,

Lachisanu lapitali Lefina akusesa pansi pa nkhokwe anapeza ufa. Ufa woyera ngati wochokera kuchigayo, chonsecho ife sitinagayitse. Ndayamba ndi zimenezi ndisanakupatseni ndi moni womwe, mundikhululukire. Muli bwanji ku Lusaka kumeneko? Ife kuno tadzuka. Takondwa wamera mano awiri ndipo akuluma chilichonse, ngakhale chala cha bambo ake.

Ndinakwera m'nkhokwe n'kutsitsako chimanga. Kunja makoko ali bwinobwino, koma ukasenda ukupeza timabowo ngati wina waboola ndi singano yosokera matumba. Ukachigogoda pamwala mukugwa ufa ndi tizilombo toderako. Si anankafumbwe aja tinkawadziwa kwa amayi, a mlomo wautali aja, ayi. Awa mutu wawo ndi wobisika, ndipo akuboola ndi mitengo ya nkhokwe yomwe. Anthu kuno akuwatcha akalipentala.

Inu mukudziwa mmene nkhani yanga ilili. Nkhokweyi ndi yanga yoyamba. Pamene ndinkapempha chitengwa kuti Lefina achoke kwawo ku Zemba adzakhale kwathu kuno, apongozi anga a Petulo sanakane, koma ananena pamaso pa ankhoswe kuti, "Mwana uyu ndinathawa naye nkhondo ku Mozambiki akuyenda wapansi. Njala anaionapo kamodzi, kachiwiri ayi. Chimanga chanu chikatha dowe asanakhwime, ndidzabwera kudzatenga mwana wanga ndi mdzukulu wanga." Munthu uja salankhula kawiri.

Chimanga ndinakolola chokwanira kufika Malichi, ndinayeza ndi maso anga. Koma sindinawerengere zoti tidzadya ndi alendo.

Munandiuza kuti kuntchito kwanu mumatsuka mabotolo ndi kusankha tizilombo ta m'mbewu. Ndiye mankhwala ophera akalipentalawa sangasowe kumeneko. Ku boma aliko, koma mtengo wake ndi wa mbuzi, ndipo mbuzi ndilibe. Ndathira phulusa, sakumva. Ndafukiza utsi pansi pake, amene anatsokomola ndi Takondwa.

A Yoweli aja a malonda a nyemba akubwera ku Lusaka kumapeto kwa mwezi. Chimene mungapeze muwapatsire. Chonde musachedwe.

Ndine mlongo wanu,
Zakalia

Lusaka
30 Julaye 1997

Zakalia mlongo wanga,

Kalata yako yandipeza ndili bwino. Zolemba zako zikadali ngati papalasa nkhuku, koma ndamva zonse. Umuuze Takondwa kuti chala cha bambo ake alume ndithu, azakhali ake alola. Moni kwa alamu anga a Lefina.

Choyamba ndikukhumudwitse. Kuntchito kwathu kulibe mankhwala ophera. Akuluakulu a kuno ntchito yawo ndi kufufuza kumene kachilomboka kafika, chifukwa n'kachilendo m'dziko muno. Amakatcha nankafumbwe wamkulu, ngakhale n'kochepa kuposa njere ya mpunga. Ukulu wake uli pa kudya.

Ndapempha msampha umodzi ndipo andipatsa. Ndawapatsira a Yoweli m'mawa uno, koma anali pa liwiro la basi, choncho kalatayi ikutsatira pa positi. Uwerenge mofatsa, usathamange monga umachitira.

M'phukusimo muli chipepala cholimba chopaka zomata, ndi kabotolo kokhala ndi kamphira m'kati. Kamphirako kali ndi fungo, ngakhale mphuno yako singalimve kwenikweni. Nankafumbwe wamphongo akapeza chimanga amatulutsa fungo loitana anzake. Ukukumbuka a Nasilele akaphika mowa ankaimika nsalu pansungwi kuti a m'njira apatuke? N'chimodzimodzi. Fungo la m'kamphirako ndi lofanana ndi lake, ndiye tizilombo timabwera kuchokera kutali poganiza kuti kuli phwando, n'kumatirira pachipepala.

Tsono mvetsa apa. Msamphawu usaupachike m'nkhokwe, ngakhale pafupi ndi nkhokwe. Pita nawo kutali, kudambo kuja, ukaumangirire panthambi. Ntchito yake si kuteteza chimanga. Ntchito yake ndi kutiuza ngati amene akukudyerayo ndi yemweyu. Zimene zigwidwepo uzikulunge unditumizire, ndikaonetse akuluakulu.

Chopulumutsa chimanga chako ndi ichi: chitsitse chonse, utonole, uyanike padzuwa, upete bwino, uthire m'matumba. Ndikudziwa kuti kwathu chimanga chimasungidwa ndi makoko ake, koma kachilombo aka makoko ndiye nyumba yake. Zitsononkho utenthe. Ndikalandira pakutha pa Ogasiti ndikugulira mankhwala a ufa aja othira m'matumba.

Za apongozi ako usade nkhawa kwambiri. Udye, ugone.

Mlongo wako,
Manesi

Mlolo, Chadiza
16 Ogasiti 1997

Alongo anga a Manesi,

Moni wambiri wochokera kwa ife atatu. Mulungu akudalitseni, phukusi lija lafika. A Yoweli anati, "A Manesi akuti ukapachike, kamagwira tizilombo, zina alemba m'kalata." Kalatayo sindinaione. Sukulu atseka, ndipo aphunzitsi amene amasunga kiyi wa bokosi la makalata apita kwawo mpaka mwezi wamawa. Koma musavutike, ndinazindikira ndekha kagwiritsidwe kake. Msampha wa mbewa umatchera pamene mbewa zikudyera. Ndiye ndinaupachika m'nkhokwe mwenimweni, pansi pa denga, kamphira kali pakati.

Alongo, chinthu chimenechi ndi champhamvu! Pasanathe sabata chipepala chonse chinada ndi akalipentala, osaoneka ndi poyera pomwe. Zomata zija zitatha mphamvu ndinapakapo ulimbo wanga wa mbalame, ndipo chikugwirabe. Anthu akumabwera kudzaona. Ena akuti ndiwagulitseko, ndakana.

Ndinaona kuti si bwino kudya ndekha zabwino. Kamphira kaja ndinakadula pakati ndi lumo, theka n'kupita nalo ku Zemba, chifukwa nawonso apongozi anayamba kuona ufa pang'ono. Ndinawapangira msampha ndi chikatoni ndi ulimbo. A Petulo anakatembenuza, n'kukanunkhiza, akuti, "Kameneka kachokera ku Lusaka?" Ndinati inde, kwa alongo anga a ku ofesi. Anaitana kuti andipatse mpando wa ndalema uja amakhalapo okha. Chikwatirireni ndinali ndisanakhalepo. Anakapachika okha m'nkhokwe mwawo ine ndikuona.

Pali china chimene ndifunse. Pachipepala pakumagwidwanso mtundu wina, takuda bii, tonyezimira ngati nsapato yopolisha, tofupikirapo. Ndikuganiza kuti amenewa ndiwo amayi awo a akalipentala, oikira mazira. Ndikawapeza akuyenda m'chimanga ndikumawaphwanya ndi chikhadabo, sindikusiya ndi mmodzi yemwe.

Lefina akuti madzulo dzuwa likapendeka amaona tizilombo tikuuluka kuchokera kuthengo kulunjika kunkhokwe kwathu, tambiri kuposa kale. Ndamuuza kuti tisiye, tikudzera imfa yake. Iye anangoti, "Nanga timene tikuphonya chipepalacho tikugona kuti?" Akazi mafunso sawathera.

Chimene chikundidabwitsa pang'ono n'chakuti ufa pansi pa nkhokwe sukuchepa. Kapena mankhwalawa amayamba ndi kukwiyitsa asanaphe? Mundiuze. Ngati kuli kamphira kena mutumize, ndiike kumbali inayo.

Ndine wanu,
Zakalia

Lusaka
29 Ogasiti 1997

Zakalia,

Moni ndikupatsa kumapeto. Ukangowerenga mzere uno siya kalatayi pansi, pita ukachotse kamphira kaja m'nkhokwe. Kenako ukwere njinga ukachotse ka ku Zemba. Zina uwerenga pobwera.

Wabwera? Khala pansi tsono. Kamphira kaja sikapha. Kamaitana. Fungo lake ndi limene nankafumbwe wamphongo amaitanira anzake akapeza chakudya. Wapachika nsalu ya mowa pankhokwe yako, ndipo alamu anga aona bwino: ogwidwa pachipepala ndi ochepa, ambiri alowa m'chimanga. Zonsezi ndinalemba m'kalata imene yatsekeredwa kusukuluyo. Nditawerenga yako ndinakhala pansi pakhonde la ofesi ngati ndamva za maliro.

Msamphawo ukaupachike kudambo, kutali ndi nyumba za anthu. Chimanga chitsike lero, chitonoledwe, chiyanikidwe, chipetedwe, chilowe m'matumba. Mankhwala a ufa ndagula, ali pamodzi ndi kalatayi. Muyezo wake walembedwa papaketi, alamu akuwerengere. Takondwa asayandikire pothira, ndipo usambe m'manja.

Tsono za tonyezimira tija. Leka kutipha! Si amayi a akalipentala, ndi adani awo. Timadya mazira ndi mphutsi zawo. Ndinafunsa akuluakulu, akuti anatibweretsa dala kuchokera kudziko kumene nankafumbweyu anachokera, n'kutimwaza m'malo ena, ndipo iwonso adabwa kuti tafika kale kwanu. Chimene chimatitsogolera ndi fungo lomwe lija. Nankafumbwe akamaitana abale ake sadziwa kuti womudyera ana akumvanso. Ndi chifukwa chake wapeza mitundu iwiri pachipepala chimodzi. Fisi amatsata fungo la khola, koma uyu ndi fisi wako iwe.

Kalatayi sindiika pa positi. Ndapatsira kondakitala wa basi ya ku Chipata, aipereke kwa a minibasi ya ku Chadiza, aisiye kumsika kwa mkazi wa a Yoweli. Ndikupemphera kuti isagone m'thumba la munthu.

Moni uja ndi uyu. Ndili bwino, koma mtima uli kwanu.

Manesi

Mlolo, Chadiza
15 Sepitembala 1997

Alongo anga,

Tili moyo, kaya inu. Makalata anu onse awiri afika sabata imodzi, ya kusukulu ndi ya pa minibasi, imene inayamba yazungulira kaye ku Katete. Ndinayamba kuwerenga yoyamba ndili chiimire. Nditafika pa mawu akuti usaupachike m'nkhokwe, ndinakhala pansi.

Ndinachita monga munanenera. Kamphira kathu kali kudambo, pamtengo wa mkuyu. Kenako ndinapalasa njinga kupita ku Zemba. M'njira monse ndinkakonza bodza. Ndinkati ndikanena kuti kamphira katha mphamvu, ndikukatenga kuti akakasinthe. Koma nditafika n'kuona ufa pansi pa nkhokwe yawo, wochuluka woti n'kuola ndi manja, bodza lija linandithawa.

Ndinagwada patali ndithu n'kufotokoza zonse. A Petulo anali kusema mpini. Sanasiye kusema. Atatha anati, "Ndiye kuti mwandiitanira alendo."

Ndinati, "Inde, apongozi, mosadziwa."

Iwo anati, "Alendowo akudya mosadziwanso?"

Anakwera okha, n'kutsitsa msampha uja, n'kuuponya pamoto. Mpando sanaitanitse. Ndinawapempha kuti titonole chimanga chawo, ine ndi Lefina tibwere kudzathandiza, ndipo mankhwala tigawane. Anati, "Chimanga chovula ndi cha pamsika. Changa chimakhala ndi zovala zake kuyambira kwa atate anga. Nzeru za ku Lusaka ndalawako, zandikwana." Apongozi aakazi anali kuseri kwa nyumba, ndinangomva akuusa moyo.

Kwathu tatonola chonse. Zala zathu zatupa matuza, Lefina akumanga nsanza kuchala chachikulu. Pa magawo atatu, limodzi lapita, linali ufa ndi mphutsi basi, nkhuku ndizo zasangalala. Chotsalacho chili m'matumba m'nyumba, pamwamba pa mitengo, chothira mankhwala. Ndikayeza ndi maso, chikhoza kufika Malichi ngati phala la m'mawa likhala la Takondwa yekha. Ine m'mawa sindimva njala kwenikweni.

Za tonyezimira tija, musakwiye, sindinakhulupirire msanga. Kamphiranso kanachokera kwa anthu omwewo. Ndiye ndinagwira tingapo n'kutiika m'botolo pamodzi ndi njere zoboola zodzaza mphutsi, n'kutseka ndi kansalu. M'botolo lina ndinaika njere zokhazokha zabwino ndi tonyezimira. Patapita masiku ndinaswa njere zija. Mphutsi zambiri zinali zitatha, kwatsala makungu. M'botolo linalo njere zinali zosakhudzidwa. Ndiye n'zoona, tonyezimirato sitidya chimanga. Ndikakumbukira kuchuluka kwa timene ndinaphwanya ndi chikhadabo ichi, ndimachiyang'ana chala changa ngati cha munthu wina.

Mitengo ya nkhokwe yakale sindinatenthe yonse. Ndasiya ina kuseri ndi zitsononkho pang'ono, kutali ndi nyumba, chifukwa ndaona tonyezimira tikukhalamo. Ngati ndalakwanso mundiuze msanga, ndipo kalatayo ikhale m'phukusi momwemo.

Zimene zinagwidwa pachipepala ndakulunga, a Yoweli abweretsa.

Zakalia

Mlolo
20 Disembala 1997

Okondedwa alamu anga a Manesi,

Ndine Lefina. Ndikhulupirira muli bwino. Mvula kuno yagwa bwino, chimanga cha m'munda chafika m'mawondo. Takondwa wayamba kuima chogwirira, ndipo chimene amakonda kugwirira ndi matumba a chimanga, ngati nayenso akuyeza.

Ndalemba ine chifukwa alongo anu sakuuzani zonse. Akuti anakuvutitsani kokwanira.

Kwathu ku Zemba nkhokwe yatha. Atate anakana kutonola mpaka mwezi watha, pamene amayi anakwera okha n'kupeza kuti chimanga chikungofumbutuka m'manja. Anapulumutsa chochepa kwambiri. Kuli ang'ono anga atatu kumeneko.

Alongo anu atamva, anayamba ndi nzeru yawo. Anatolera tizilombo tonyezimira tija m'botolo la mafuta odzola n'kupita nato kwa atate kuti akatithire m'nkhokwe. Ine ndinawauza kuti dikirani kaye mtima wa munthu uzizire, sanamve. Atate anayang'ana botolo, n'kuyang'ana mkamwini wawo, akuti, "Ulendo woyamba munandibweretsera choitanira tizilombo. Lero mwaona kuti tikuchedwa, mwatinyamula nokha panjinga?" Ang'ono anga anaseka mpaka kugwa. Bambo a Takondwa anabwera nalo botolo lawo, n'kukatibwezera kuseri kuja.

M'mawa mwake anamanga thumba la chimanga panjinga. Ndinafunsa kuti likupita kuti. Anati, "Kumene ndinaitanira alendo." Mpaka lero apititsa matumba atatu. Amakasiya kwa amayi kudzera mwa mng'ono wanga, atate akakhala kumunda. Atate akudya, koma sananenepo kanthu.

Ine sindingaletse, ndi makolo anga. Koma nonse mukudziwa masamu ake. Chimene chatsala kuno sichifika Malichi. Alongo anu akudziwanso. Akumapita kuganyu akatha kulima kwathu, ndipo aonda, malamba akuboola mabowo atsopano ngati kalipentala. Ndikawapatsa chakudya amati adya kale kumene anali. Bodza lawo silivuta kugwira, m'mimba mwawo mumayankha mokha.

Dzana anandifunsa kuti, "Akabwera kudzakutenga, udzapita?" Ndinati ine si mbuzi yoti aikoke ndi chingwe. Koma kunena zoona, alamu, mawu ananenedwa pamaso pa ankhoswe, ndipo atate anga sindinawatsutsepo chibadwire. Sindidziwa kuti pakamwa panga padzatuluka chiyani tsikulo.

Sindikupempha kanthu. Mungowalembera mawu owakhazika mtima pansi, inu amakumverani.

Mlamu wanu,
Lefina

Lusaka
11 Januwale 1998

Zakalia mlongo wanga, ndi alamu,

Chaka chabwino kwa nonse. Ndatumiza kapenta ndi mchere kudzera mwa a Yoweli, ndipo kalatayi ndaisokerera m'kati mwa phukusi ndi ulusi, kuti zisasiyanenso. Ndikanachita chomwechi poyamba paja.

Tizilombo unatumiza tija akuluakulu aona. Ndi nankafumbwe wamkulu ndithu, ndipo tonyezimira tija nditomwe ndinakuuza. Mitengo yakale ija waisiya bwino, bola ikhale kutali ndi nyumba. Koma ndikuuze zoona, usayembekezere kuti tonyezimira tipulumutsa nkhokwe ya munthu chaka chimodzi. Timachepetsa adani pang'onopang'ono, m'thengo ndi m'midzi monse, mwina pa zaka. Kutonola ndi matumba sikudzasiyidwa.

Zakalia, wina wandiuza kuti sukudya. Sinditchula dzina. Munthu wanjala salimira bwino, ndipo chimanga chili m'mundacho ndicho chidzayankhe apongozi ako, osati nthiti zako. Za matumba unapititsa ku Zemba, amayi akanakhala moyo akanachita chimodzimodzi, kenako akanakukalipira.

Undilembere zikachitika, zabwino kaya zoipa.

Manesi

Mlolo, Chadiza
9 Malichi 1998

Alongo anga a Manesi,

Moni. Tili bwino tonse atatu, ndipo ndanena atatu dala. Kapenta uja anatithandiza kwambiri, zikomo.

Chimanga chinatha pakati pa Febuluwale. Lefina anakung'untha thumba lomaliza palichero, panagwa zosakwana ndi mbale. Dowe m'munda anali asanakhwime, ndevu zinali zikadali zofiira. Sindinatume uthenga ku Zemba, koma nkhani ya njala siyenda ndi minibasi, imafika yokha.

Loweruka lake ndili pakhonde kunola khasu, ndinaona njinga ikubwera m'kanjira ka kudambo. Kapalasidwe kake ndinakadziwa. Ndinauza Lefina kuti atate ako afika. Iye anatenga Takondwa n'kumubereka, n'kuima pakhomo. Sanalowe kukamanga katundu, komanso sanakhale pansi.

A Petulo anatsika, n'kumasula thumba pakaliyala. Munali maungu a kudimba kwawo. Ndinawapatsa mpando, ine n'kukhala pansi. Atapuma anati, "Ndamva kuti chatha."

Ndinati, "Chatha, apongozi."

"Dowe?"

"Sanakhwime."

"Chinathera kuti chimanga chanu?"

Ndinati china anadya akalipentala, china tinadya ife. Ndinalekera pomwepo.

Iwo anati, "Mwaiwala wina. China ndinadya ine. Mukuganiza kuti sindidziwa kusiyanitsa ufa wa chimanga changa ndi wa chimanga chonunkha mankhwala a ku Lusaka?" Kenako anatembenukira kwa Lefina. "Iwe, ukuimiranji ngati wadikira basi? Ndikutengere kuti, kunkhokwe ya fumbi? Phika maunguwo, mwana adye."

Lefina anati, "Ndimati ndimve kaye, atate, kuti ndidziwe chokuyankhani."

Iwo anati, "Sunga yankho lakolo, udzaligwiritsa ntchito kwa amuna ako."

Alongo, ndinagwada kuthokoza. Ndinangowomba m'manja.

Titadya anati ndiwaonetse kumene ndinapachika chinthu chija. Tinapita kumkuyu. Kamphira kanatha fungo kalekale, koma chipepala chikadali pomwepo. Ndinawaonetsanso mitengo yakale kuseri, n'kuswa chitsononkho chimodzi. Munatuluka tonyezimira tiwiri. Anatenga kamodzi n'kukayang'anitsitsa nthawi yaitali kali pachikhatho. Anafunsa kuti, "Ndiye kameneka kamamva fungo la mdani wake n'kumulondola mpaka m'nyumba?" Ndinati inde, fungo lomwe amaitanira abale ake. Anapukusa mutu, akuti, "Kwathu nthawi ya nkhondo tinkaphika usana okhaokha, ndi nkhuni zouma. Utsi umene ukuitana mwana wako kudzadya ndi womwewo ukuitana wina." Anakabweza kachilombo kaja pamtengo mosamala, osakaphwanya.

Pokwera njinga anati tikakolola ndipite ndi Lefina tikawaonetse katonoledwe ndi kathiridwe ka mankhwala, ndipo botolo lija anandibweza nalo ndikapite nalonso. Koma kamphira akuti ndikadzakafikitsanso pakhomo pawo adzandimangirira nako pamkuyu.

Tsopano dowe wakhwima, tayamba kukazinga ndi kuphika. Takondwa akuyenda, dzulo anagwira chimanga chathunthu n'kumachikukuta ndi mano ake asanu ndi limodzi. Mukabwera pa Isitala mudzamuona. Mudzatengeko kamphira kena, ndikudziwa tsopano kopachika.

Nkhani ya nkhokwe yawo sinathe. A Petulo anawerengera okha kuti alendo anga anawadyera matumba asanu pamwamba pa zimene zikanaonongeka kale. Atatu ndinabweza. Ndinati otsalawo ndidzapereka tikangokolola. Anakana. Akuti limodzi chaka chino, linalo chaka chamawa, ndipo adzabwera kudzatenga okha, kuti azipeza chifukwa chodzaonera mdzukulu wawo kuno ku Mlolo.

Ndiye kwa apongozi ndatsala ndi matumba awiri, ndipo sindikufulumira.

Ndine mlongo wanu,
Zakalia